Mfumu Inabwereka Dzina la Nelesi

Mu Ufumu wa Mwatero munalibe munthu wamba amene anapangapo kanthu. Mukafika pa mlatho wa mtsinje wa Wolokaninokha, mumapeza chikwangwani chonena kuti mlathowo unamangidwa ndi manja a Mfumu Ndamvetsa Wachitatu. Nyimbo za makwaya, mabuku a masamu, ngakhale mandasi opambana pa chionetsero cha chaka, zonse zinkatuluka m'dzina la Mfumu. Limeneli linali Lamulo la Ulemu, ndipo silinali lovuta kumva: ntchito ndi ya anthu, dzina ndi la Mfumu. Alendo okha ndiwo ankadabwa kuti munthu mmodzi amaipeza kuti nthawi yochitira zonsezi, makamaka poona kuti Mfumuyo sinkadzuka dzuwa lisanafike pamutu.

Amene ankalidziwa bwino lamuloli anali Nelesi Kachapila. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anali wotayipa makalata ku likulu, mumzinda wa Dikiranikaye, ndipo pansi pa kalata iliyonse ankatayipa dzina la munthu wina. Atapuma pa ntchito anatsegula kakhonde kokonzerapo makompyuta mumsika wa Tiyesenso, pafupi ndi telala wina wachikulire, a Lufeyo, amene pakamwa pawo pankayenda mofulumira kuposa makina awo osokera. Nelesi anali mayi wa magalasi omanga ndi kawaya, wosakonda zoyankhulayankhula. Mumtima mwake munali kanthu kamodzi kamene sankauza munthu. Ankafuna kuti asanafe adzaone dzina lake litalembedwa pansi pa ntchito yake, ngakhale kamodzi kokha. Si kanthu kakakulu, koma kankamusowetsa mtendere.

Makompyuta a mu Mwatero anali akalekale, olowa m'dziko m'mabelo ngati kaunjika, ndipo chokhacho chimene chinkawayendetsa osatsokomola chinali Linux. Linux ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imene anthu a m'mayiko ambirimbiri amailemba mothandizana. Aliyense amatha kuitenga, kuona mkati mwake ndi kuikonza popanda kugwadira munthu. Pakatikati pake pali gawo limene amisiri amalitcha kenelo, lomwe ntchito yake ndi kuyankhula ndi chipangizo chilichonse chimene mwalumikiza ku kompyuta. Khonsolo ya Mfumu itamva kuti chinthu chimenechi chilibe mwini mmodzi, inakhala pansi masiku atatu, n'kugamula kuti chinthu chopanda mwini ndi cha Mfumu. A kumsika anangoti palibe chovuta, bola chiziyaka.

Vuto linabwera ndi Nduna ya Mawaya ndi Zamumlengalenga, Olemekezeka a Chivomerezi, munthu amene khosi lake linazolowera kugwedezera mbali imodzi yokha. Iwowa anaitanitsa timodemu zikwi khumi, tija tobaya m'mbali mwa kompyuta kuti munthu alowe pa intaneti. Anatipaka utoto wagolide, anatitcha Mphezi ya Mfumu, n'kutigawa m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi, kuti pa chikondwerero cha zaka makumi atatu za ufumu dziko lonse lidzaonere Mfumu ikulankhula. Tsiku lotsegulira, bandi inaimba, riboni inadulidwa, Mfumu inabaya kamodemu koyamba. Mphezi sinang'anime. Anabaya kachiwiri, kachitatu, mpaka makatoni anayi anatha, kompyuta ili duu. A Chivomerezi analengeza kuti mphezi yoleredwa bwino sing'anima pamaso pa Mfumu, ndipo anthu anaomba m'manja n'kumapita kwawo.

Kamodemu kamodzi kanafika pakhonde la Nelesi m'thumba la namwino wina wa pa chipatala chaching'ono cha Pirirani, amene ankafunitsitsa kumatumiza zotsatira za magazi ku likulu popanda kudikira minibasi. Nelesi anakhala nako masiku anayi, magalasi ali pamphuno, tiyi akuzizira pambali. Tsiku lachinayi anapeza pamene panagona nkhani. Mu kenelo muli mndandanda wa manambala a mamodemu onse amene Linux imawazindikira. Mphezi ya Mfumu inali modemu wamba ndithu, yodziwika kale, kungoti amene anaipanga anaipatsa nambala yatsopano imene sinali pamndandandawo. Nelesi anawonjezera mizere iwiri, anayatsanso kompyuta, anabaya kamodemu, ndipo kanyali kabuluu kanayamba kuphethira.

A Lufeyo anaimitsa makina awo n'kufunsa kuti mankhwala amenewa amatchedwa chiyani. Nelesi anati amisiri ake amangoti chigamba, chifukwa umangosoka pamene pang'ambika osasintha chovala chonse. A Lufeyo anakondwa kwambiri kumva kuti ntchito yawo yafika mpaka m'makompyuta, ndipo anamuuza kuti ayambe kuitana anthu abwere ndi timodemu tawo. Koma Nelesi anapukusa mutu. Timodemu tinalipo zikwi khumi, ndipo chigamba chosokera pakhonde chikanamasuka nthawi iliyonse imene kompyuta yalandira Linux yatsopano. Njira yoyenera inali kuchitumiza kwa anthu osamalira gawo limenelo la kenelo, kudzera pa bwalo lawo la makalata a imelo, kuti chilowe m'chovala chenichenicho, aliyense padziko achipeze chili chosokedwa kale.

Powerenga malamulo a bwalolo, Nelesi anapeza mzere umene unamuimitsa mtima. Pansi pa chigamba chilichonse, munthu amene wachitumiza amayenera kusayina dzina lake, kutsimikiza kuti ntchitoyo ali nayo mphamvu yoipereka. Anauwerenga katatu. Kenako anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwerenganso kachinayi.

Koma msika wa Tiyesenso susunga chinsinsi. Asanatumize n'komwe, m'mawa mwake galimoto zitatu zinaima pakati pa matomato ndi makala, ndipo a Chivomerezi anatsika atatambasula manja. Anamuyamikira Nelesi chifukwa chokhala chiwiya chimene nzeru za Mfumu zadzeramo, anapempha kuti chigambacho achiike pa fulashi, n'kuiponya m'thumba la jekete.

"Bwana," anatero Nelesi motsitsa mawu, "kumene chikupitako amafuna dzina la amene walemba."

"N'chifukwa chake tikupita nacho kwa amene walemba, mayi," anayankha a Chivomerezi, ndipo galimoto zinanyamuka.

Ku nyumba yachifumu, alembi asanu ndi awiri anagwira ntchito sabata yathunthu. Mizere iwiri ija inaoneka yochititsa manyazi kuti ituluke m'dziko ili yokhayokha, choncho anaiveka masamba makumi anayi a matamando, kuyambira pa agogo a Mfumu amene akuti anaphunzitsa mvula kugwa. Anasindikiza zonse papepala la m'mphepete mwagolide, anadinda chidindo, anajambula chithunzi, n'kutumiza chithunzicho ku bwalo la makalata. Pansi anasayina mayina onse khumi ndi asanu ndi atatu a Mfumu, loyamba likuti Mkango Wosagona.

Woyang'anira gawo la mamodemu anali mayi wina wa ku dziko lozizira, dzina lake Annika, amene mwachionekere sanaleredwe ku Mwatero. Yankho lake linafika tsiku lomwelo. Chimene Khonsolo sinadziwe n'chakuti bwalo la makalata ndi lapoyera, kalata iliyonse amaiwerenga aliyense amene wafuna. Nelesi anasindikiza yankholo, ndipo a Lufeyo anakwera pa benchi n'kuliwerengera msika wonse.

"Chithunzi sindingachisoke mu kenelo, tumizani mawu wamba. Chotsani masamba makumi anayiwo, mungofotokoza chimene chinali chovuta. Komanso Mkango Wosagona ndi ndani? Ndikufuna dzina la munthu woti ndingamufunse funso."

Mayi wina wogulitsa nthochi anafunsa ngati kalatayo yathera pomwepo, popanda ngakhale kufunsa za umoyo wa Mfumu. A Lufeyo anatembenuza pepala kuti aone kumbuyo, n'kunena kuti mwina moni akubwera pa sitima. Anthu anaseka mogwira pakamwa, monga amasekera anthu a dziko limene makoma ake ali ndi achibale ku polisi.

Ku Khonsolo kunalibe woseka. Mkulu wa asilikali anapempha kuti nkhondo iyambe Lolemba. Anabweretsa mapu, koma mapu a boma anali ndi malo awiri okha: pakati panalembedwa Mwatero, ndipo kuzungulira konse kunalembedwa Kwina. Posowa kolozetsa mfuti, anagwirizana zotumizanso chigambacho. Ulendo uno matamando anawadula mpaka masamba khumi ndi awiri, zimene zinaliritsa mlembi wamkulu, ndipo anasayina dzina limodzi lokha la Ndamvetsa.

Annika anathokoza, anapemphanso kuti masamba khumi ndi awiriwo achoke, kenako anafunsa funso limodzi. Modemuyo ili ndi njira zinayi zoyankhulirana ndi kompyuta. N'chifukwa chiyani chigambacho chikulumpha njira yachitatu?

Funsoli linaidya mutu Khonsolo kwa masiku asanu ndi limodzi. Mfumu inamvetsera, inagwedeza mutu mwanzeru, n'kupempha kuti nduna zinene maganizo awo poyamba kuti ione ngati zikuganiza mofanana nayo. Pomaliza a Chivomerezi anapeza yankho limene linaimitsa nduna zonse n'kuomba m'manja. Njira yachitatu inasiyidwa chifukwa Mfumu ndi Ndamvetsa Wachitatu, ndipo mu Mwatero chachitatu chilichonse chimasungidwira Mfumu. Analemba zimenezi, anatumiza, n'kukonza phwando laling'ono.

Yankho linali lalifupi kuposa onse. Annika anati sanamve, ndipo anapempha kuti amene anaigwira modemuyo ndi manja ake ayankhe. Anawonjeza kuti zigamba za ulendo uno asiya kulandira Lachisanu.

Apa zinthu zinafika pothina. Chikondwerero chinali chitatsala masabata asanu ndi awiri, ndipo timodemu tagolide anthu anali atayamba kutsekera mabotolo a palafini. Lachinayi masana a Chivomerezi anafika kumsika akuyenda wapansi, opanda bandi, atavala chipewa chachikulu chobisa nkhope. Anakhala pa kampando ka makasitomala n'kunong'ona kuti Mfumu yatanganidwa ndi zinthu zikuluzikulu, choncho yalola kuti Nelesi ayankhe kafunso kakang'onoko m'malo mwake. Nelesi anawakumbutsa za mzere wosayina uja. Iwo anatukula dzanja, nati alembe chilichonse chimene mzungu wamkaziyo akufuna, zina zonse boma lidzakonza pambuyo.

Nelesi analemba mizere isanu. Anafotokoza kuti modemu sinkazindikirika chifukwa nambala yake sinali pamndandanda, kuti njira yachitatu ndi imene imanyamula intaneti yeniyeniyo ndipo ili kale ndi gawo lina la kenelo loisamalira, komanso kuti anayesa pa makompyuta atatu. Pansi anasayina. M'mawa mwake yankho linabwera la mawu awiri: "Ndalandira, zikomo."

Anthu ena amalandira mamendulo ndi nyimbo za bandi, koma sindikhulupirira kuti alipo amene anakondwapo ngati mmene anakondwera Nelesi ndi mawu awiri amenewo. Anapita pa tsamba losunga mbiri ya kenelo, pamene pamalembedwa kusintha kulikonse ndi amene anakuchita, ndipo analipeza dzina lake lili pakati pa mayina a anthu a mayiko amene sankadziwa n'kuwatchula komwe. Misozi inatsika yokha. A Lufeyo anaona, koma kamodzi kokha m'moyo wawo anatseka pakamwa, n'kumupatsa kansalu kotsala pa diresi la mkwatibwi kuti apukutire.

Patapita masabata atatu Linux yatsopano inafika m'makompyuta a mu Mwatero, ndipo timodemu tonse tinayamba kuphethira. Anthu anatizula m'mabotolo n'kutipukuta. Wailesi inalengeza kuti Mfumu yalamula mphezi kuti ing'anime. Zonse zikanathera pomwepo pakanapanda mlembi wamkulu uja, amene mtima unkamuwawabe chifukwa cha masamba ake. Iyeyu anafufuza mbiri ya kenelo, anapeza dzina la munthu wamba pansi pa ntchito ya Mfumu, n'kuthamanga nalo ku Khonsolo mopanda n'kupuma komwe.

Nelesi anaitanidwa ku nyumba yachifumu. Anagwada pa kapeti wofiira, mawondo akulira, ndipo analamulidwa kufufuta dzina lake dzuwa lisanalowe. Iye anafotokoza mwaulemu kuti zimenezo sizingatheke. Mbiri ya kenelo sikhala m'buku limodzi lotsekeredwa mu ofesi. Aliyense wogwira nawo ntchitoyo ali ndi mbiri yonse pa kompyuta yake, ndipo kuti dzina lichoke pangafunike kugogoda pakhomo la aliyense wa iwo, m'mayiko onse. Mfumu inafunsa kuti anthuwo alipo angati. Nelesi anati palibe anawawerengapo. Mkulu wa asilikali anayang'ana pa mapu ake aja, n'kuwapinda mwakachetechete.

Pamenepo a Chivomerezi, amene ankamva kale mphepo ikuwomba pampando wawo, anadzuka ndi nzeru imene mpaka lero amaiphunzitsa m'sukulu za mu Mwatero.

"Wamkulukulu, ngati dzina silingachoke pa ntchito ya Mfumu, ndiye kuti dzinalo ndi la Mfumu."

Tsiku lomwelo lamulo linatuluka. Kuyambira nthawi imeneyo, Nelesi Kachapila linakhala dzina lakhumi ndi chisanu ndi chinayi la Mfumu, lotchulidwa pambuyo pa Mvula ya Disembala. Adiresi ya imelo ya dzinalo inasamutsidwira ku nyumba yachifumu. Ndipo popeza boma silisiya nzika yake ili yopanda dzina, mayi wa kumsika uja anapatsidwa lina kuchokera m'nkhokwe ya mayina otsala. Pa chitupa chake chatsopano panalembedwa kuti Mayi Uja.

Zinamupweteka, tisaname. Ntchito yake anali atazolowera kulandidwa, koma dzina anamupatsa ndi bambo ake, ndipo linali litangoyamba kumene kumugwirira ntchito. Anabwerera kumsika. Kwa masiku angapo ankangokonza makiyibodi ndi kupukuta fumbi m'makompyuta, ndipo tsamba la mbiri lija sankalitsegulanso. A Lufeyo anayesa kumusangalatsa ponena kuti mwina Mfumu ifuna diresi loyenerana ndi dzina latsopano, ndipo iwo ali ndi nsalu yabwino ya maluwa. Nelesi anamwetulira pang'ono chabe.

Oyamba kusonyeza kuti dzina limayenda ndi katundu wake anali amayi a mpingo. Pa mndandanda wawo, Nelesi Kachapila anali wosesa m'tchalitchi Loweruka lachiwiri la mwezi. Amayiwo, pokhala omvera malamulo, anatumiza tsache ku nyumba yachifumu, pamodzi ndi kakalata kokumbutsa kuti kuseri kwa guwa kumakhala akangaude. Alonda a pachipata analandira tsachelo n'kulisayinira, posadziwa chochita nalo.

Kenako makalata a imelo anayamba kugwa. Modemu yomweyo, popanda utoto wagolide, inkagulitsidwanso m'mayiko ena, ndipo mwambo wa anthu a kenelo ndi wakuti chinthu chikavuta umayang'ana m'mbiri kuti mzerewu analemba ndani, n'kumulembera iyeyo. Masiku oyamba Mfumu inakondwa kwambiri kuti mayiko akunja ayamba kuilembera, ndipo inalamula kuti makalatawo aziwerengedwa pa chakudya cha m'mawa. Chisangalalocho sichinakhalitse. Makalatawo ankayamba ndi "Nelesi," basi, popanda mkango kapena mvula. Wina ankati yake ili ndi nambala yosiyana pang'ono, kodi angaiwonjezere bwanji. Wina ankapempha kuti Nelesi ayese chigamba chake, popeza ndiye ali ndi modemuyo pafupi. Mphunzitsi wina wa ku dziko la mapiri analemba kuti modemu yake yakale, imene inkagwira bwino ntchito, tsopano kompyuta ikagona sidzukanso.

Mfumu inayankha monga imayankhira mafumu. Inatulutsa lamulo lakuti modemu ya mphunzitsiyo idzuke pasanathe masiku atatu. Mphunzitsiyo anayankha mwaulemu kuti waiwerengera lamulolo mokweza, koma sinadzuke. Anamutumizira chithunzi cha mendulo ya Kupirira Kwapamwamba. Iye anathokoza, n'kufunsa ngati pali chinanso chimene angayese. Zonsezi zinkachitikira pa bwalo lapoyera, ndipo kumsika a Lufeyo anachita kukhazikitsa nthawi yowerenga, itangokwana folo koloko, moti ogulitsa chinangwa chokazinga anasamukira pafupi ndi benchi lawo.

Lolemba la sabata ya chikondwerero, Annika analemba. Anati zaoneka kuti chigamba chija chikusokoneza mamodemu ena akale amene ali ndi nambala yofanana, ndipo lamulo la kwawo ndi lakuti chatsopano chisaononge chimene chinkagwira kale ntchito. Ngati Nelesi sakonza pofika Lachisanu, iye achotsa chigambacho. Izi zinatanthauza kuti Mphezi zonse zikwi khumi zibwerera m'mabotolo a palafini. Mkulu wa asilikali anati angoletsa makompyuta a m'dziko kulandira Linux yatsopano, koma atafunsana anapeza kuti wodziwa kuletsa kwake ndi Mayi Uja yemweyo.

Mfumu inali itaonda. Inathamangitsa wowerenga makalata, inakankha mbale ya mazira, n'kuyang'ana a Chivomerezi ndi maso ofiira.

"Dzina limeneli likulemera," inatero. "Mayina anga enawa sandifunsa mafunso. Mkango Wosagona wakhala nane zaka makumi atatu, palibe anandilemberapo kufunsa kuti umalekeranji kugona. Kabwezeni kumene munalitenga."

A Chivomerezi anavomera kuti iwonso maganizo awo anali omwewo kuyambira pachiyambi.

Lachinayi m'mawa msika wa Tiyesenso unamva bandi. Kutsogolo kunali a Chivomerezi, pambuyo pawo asilikali awiri akukankha wilibala yodzaza ndi makalata osindikizidwa, ndipo pamwamba pa makalatawo panali tsache la amayi a mpingo. Anaima pakhonde lija. Nelesi anali ataweramira kompyuta ya munthu wina, ndipo sanadzutse mutu.

"Mayi Uja," anayamba a Chivomerezi, "Mfumu ikufuna kuti muyankhe timakalata tingapo."

"Mayi Uja sadziwa za kenelo, bwana," anatero Nelesi, akumasula kasikuluwu. "Amene amadziwa amakhala ku nyumba yachifumu. Mukafunse pachipata, akakulozerani."

Bandi inasiya kuimba yokha. A Chivomerezi anayang'ana uku ndi uku, thukuta likutsikira m'kolala, ndipo anaona kuti msika wonse wasiya malonda. Anatulutsa pepala la m'mphepete mwagolide n'kuwerenga kuti Mfumu, mwa chisomo chake chosaneneka, yaganiza zopereka mphatso ya dzina lake lakhumi ndi chisanu ndi chinayi kwa nzika ina yokhulupirika. Nelesi anafunsa ngati ili ndi mphatso kapena kubweza, chifukwa mphatso mwini wake amatha kudzaifunanso. Anafunsanso ngati dzinalo likubwera lokha kapena ndi ntchito yake. A Chivomerezi anayang'ana wilibala, anayang'ana dzuwa, anapempha cholembera kwa a Lufeyo, n'kukonza pepalalo atalitsamiritsa pa makina osokera. Kenako anawerenga mokweza kuti boma likubweza kwa Nelesi Kachapila dzina lake, pamodzi ndi ntchito zonse zimene dzinalo linachita ndi zimene lidzachite.

A Lufeyo anafunsa mwaulemu ngati lamulo latsopanoli likukhudzanso mathalauza, popeza limene Olemekezeka avalalo iwo akulidziwa bwino msoko wake. A Chivomerezi anati nkhani ya mathalauza Khonsolo idzaiona pa nthawi yake, ndipo anachoka mofulumira, bandi ikuwathamangira pambuyo.

Nelesi sanachite mwambo uliwonse. Tsache analiimika pakona podikira Loweruka. Anafufuza m'wilibala mpaka anapeza kalata yoyamba ya mphunzitsi wa ku mapiri uja, anaiwerenga bwinobwino, n'kuona kuti munthuyo anali atalemba kale zonse zofunika, kungoti ku nyumba yachifumu kunalibe wozimvetsa. Mamodemu akalewo anali ndi njira zitatu zokha, ndipo chigamba chake chinkawagwira ngati ali ndi zinayi. Kulakwitsa kunali kwake, ndipo anadabwa kupeza kuti ngakhale zimenezi zikumukondweretsa, chifukwa m'zaka zonse za ku likulu panalibe cholakwa chimene chinali chakechake. Pofika masana anali atakonza, atayesa pa Mphezi ziwiri ndi pa modemu ina yakale yobwereka kwa wojambula zithunzi za ziphaso.

Kenako analemba kalata yopita ku bwalo. Anapepesa kwa mphunzitsiyo chifukwa chochedwa kuyankha, anangoti kunali zovuta zina za kunyumba. Anafotokoza chimene chinalakwika ndi mmene wachikonzera, zala zonse khumi zikuthamanga pa kiyibodi monga zinazolowerera. Atafika pa mzere wosayina anaima. Anapumitsa zala zina zonse, n'kulemba dzina lake ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi, kuti lisathe msanga.